Funsani Malume: Zosaka agwape nyengo yozizira ino

FUNSO: Malume, ine ndili ndi alamu anga amakhala ku Michigan ku America, chaka chatha mu Novembala ananditumizira zithunzi pa WhatsApp ali m'nkhalango atavala jekete ya olenji, pansi ponse pali mbee sinowo, chimbawala cha nyanga za nthambinthambi chili gone kumbuyo kwa pikapu. Akuti kumeneko kukazizira aliyense amakasaka ndipo wapolisi sakufunsa. Nde ine ndi anzanga taganiza kuti poti Juni wafika tilowe ku Kaning'ina ndi agalu tikagwireko gwape mmodzi kaya awiri, nkhuli yavuta Malume nyama pa bucha yakwera udyo. Chilipo cholakwika? Nanga iwowo akusaka bwanji?
Mnyamata wa ku Chiputula

YANKHO: Mphwanga, alamu akowo sanakunamize koma anakuuza mbali yokoma yokhayokha, chithunzi chija sichinaonetse mapepala amene anali m'thumba la jekete ya olenjiyo. Ku Michigan nyengo yaikulu yosaka ndi mfuti imayamba pa 15 Novembala nkutha pa 30 Novembala, masabata awiri basi. A mauta amayamba pa 1 Okotobala, ndipo mu Disembala muli timasiku tina ta mfuti zothira onga kukamwa, mtundu wa gogodela. Usanalowe m'tchire umayamba wagula layisensi, imabwera ndi kapepala komangirira pa nyama yomwe wapha, kapepala kamodzi nyama imodzi, ndipo kuyambira 2022 ukapha umayenera kukalembetsa pa intaneti pasanathe maola 72 kuti boma lidziwe kuti yachoka ina. Kuombera kumaloledwa kuyambira mphindi 30 dzuwa lisanatuluke mpaka mphindi 30 litalowa, kukada mfuti ibwerere m'thumba mwake. Kupirikitsa nyamazo ndi agalu, zomwe iwe ukufunazi, kumeneko nkoletsedwa, kuithobwa m'maso ndi tochi usiku nkoletsedwa, msampha wa waya nde usatchule nkomwe. Jekete ya olenjiyonso si fashoni ayi, ndi lamulo, cholinga mlenje mnzako akuone patali asakuyese nyama. Mbawalazo mtundu wa olenji siziuzindikira bwino nchifukwa chake anasankha umenewo.

Tsono chomwe amasakira nthawi yozizira sikuti kuzizirako kuli ndi matsenga. Novembala ndi mwezi umene nyamazi zimakwerana, zamphongo nzeru zimathera ku zazikazi nde zimangoyendayenda ngakhale masana osasamala. Mitengo imakhala itayoyola masamba onse munthu nkumaona patali, sinowo ikagwa mapazi a nyama amaoneka bwinobwino ndipo ukailasa dontho lililonse la magazi limakulondolera komwe yakagwera, komanso nyama siwola msanga poti kunja konse kumakhala kozizira kuposa mufiliji. Ana a mbawalazi amabadwa cha mu Meyi ndi Juni, pofika Novembala amakhala atasiya kuyamwa, ukapha make mwana safa ndi njala. Kasakidwe kakenso sikothamanga uku mukukuwa ayi, munthu amakwera mumtengo mbandakucha nkukhala pa kampando komangirira, duu maola ndi maola zala zitauma gwa, ataonetsetsa kuti mphepo ikuchokera kumene kuli nyama kubwera kwa iye, poti ikangomva kafungo ka munthu basi tsiku lonse lapita pachabe. Ambiri amabwerera chimanjamanja koma zithunzi za tsiku limenelo satumiza pa WhatsApp kkkk.

Ndipo usaganize kuti nyamazo zinangochuluka zokha. Cha m'ma 1900 mbawala zawozi, za mchira woyera, zinatsala pang'ono kutheratu, mu America monse zinatsalamo mwina 500,000, anthu ankapha nkumagulitsa m'matauni mmene akuchitira anzathu ena kuno lero. Analetsa malonda a nyama ya m'tchire, anaika nyengo zosakira, mu 1937 anakhazikitsa lamulo la Pittman-Robertson loti msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo uzipita kosamalira nyama. Lero zilipo pafupifupi 30 miliyoni, zambiri zimaswa mapasa, mimbulu yomwe inkazidya inatha m'madera ambiri, moti ku Michigan kokhako ngozi za galimoto zogunda mbawala zimapitirira 50,000 pachaka. Boma lawo limachita kupempha alenje kuti chonde kapheniko zachuluka. Ife tingapemphe ndani? Gwape wathu amaswa kamwana kamodzi, ndipo amasakidwa kuyambira Januwale mpaka Disembala osapuma.

Nde kuyankha funso lako, eya cholakwika chilipo. Kaning'ina ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, kusakamo popanda chilolezo ndi mlandu pa lamulo la nkhalango komanso la nyama zakutchire, lomwe analikhwimitsa mu 2017 mpaka pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka munthu ukhoza kukaseweza zaka 30. Pa gwape sungafike pamenepo koma chindapusa kapena miyezi ingapo kundende chifukwa cha kanyama koti mukagawana anthu anayi aliyense atenga kamwendo kamodzi, aa ayi mphwanga masamu ake sakutuluka. Mfuti nayo, ngakhale gogodela wosula kumudzi, imafuna chiphaso cha kupolisi.

Koma ine chimene chimandiwawa kwambiri si gwapeyo ayi, ndi moto. Iwe ukudziwa Juni wa Mzuzu mmene amakhalira, nkhungu mpaka 9 koloko, kamvula kowaza kosatha, udzu wautali wonyowa woti galu akalowamo fungo limamusokonekera, simugwira kanthu. Nde mudzati tidikire kuume, Ogasiti Seputembala, ndipo pamenepo mmodzi wa inu adzatulutsa machesi kuti nyama zivumbuluke, zimayamba choncho nthawi zonse. Madzi amene umatunga pa mpopi ku Chiputulako amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo damulo limadalira mitengo ya ku Kaning'ina komweko, phiri likapsa mvula yoyamba imakokolola dothi lonse kukathira m'damu. Pita ukaone ku Chikangawa, mahekitala oposa 50,000 a paini amene tinkanyadira, malo ambiri pano ndi zitsa zakuda, zifukwa zake nzambiri inde koma moto wolusa uli pamwamba. Agalu akowo aziuwa akuba pakhomo.

FUNSO: Malume zikomo. Pali bambo wina amabwera m'dera lathu ndi nyama yofutsa m'chikwama, akuti ndi mbawala ya ku Vwaza ndipo mtengo wake ndi wabwino kusiyana ndi ya ng'ombe. Amuna anga amaikonda kwambiri. Ine sindinaphe, ndimangogula, pali vuto?
Mayi wa ku Katawa

YANKHO: Mayi, lamulo silifunsa kuti anapha ndani, kupezeka nayo kokha nyama ya m'tchire popanda chilolezo ndi mlandu kale, a gemu akaipeza m'poto mwanu amene atayankhe ndinu, bambo wa chikwamayo adzakhala atakwera kale minibasi ya ku Rumphi. Koma tiyeni tiyambe ndi mimba za ana anu. Nyama zambiri zoterezi zimagwidwa ndi khwekhwe, waya wa mabuleki a njinga kapena wa magetsi womangirira pa mtengo, ndipo mwini wake sapitako tsiku ndi tsiku poopa kugwidwa, nde nyama imatha kufera pa wayapo nkukhala masiku ikufufuma ntchentche zili ng'waa, iye akafika amangodula pomwe pakuoneka bwinoko nkuwamba pa moto usiku, utsi nkubisa fungo. Ena amathira tameki pa zithaphwi zomwe nyama zimamwapo. Palibe wazanyama amene anaiyeza ngati mmene zimakhalira ndi ng'ombe kophera, ndipo matenda alipo, mukumbuke mvuu zija zinafa ndi anthrax ku Liwonde mu 2018, matenda amenewo amagwira munthu pongosenda kapena kudya nyama yake ndipo kuwamba sikuwathetsa. Chinanso mayi, nyama ikauma nkuda bii mungadziwe bwanji kuti ndi mbawala? Ikhoza kukhala nyani, ikhoza kukhala ng'ombe yofa yokha, khwekhwe sasankha, amagwira chilichonse chodutsa mpaka chitamba cha njovu.

Bambo akunyumbawo ngati akufuna kakomedwe kosiyana ndi nkhuku ya chizungu amangeni khola kuseri, akalulu amaswana msanga, nkhanga zilipo, zinziri nazo anthu akuweta mu Mzuzu momwemuno. Wachikwamayo mukasiya kumugula inu ndi anzanu apa mpopi adzasiya yekha kubwera.

FUNSO: Ine ndine wamkulu ndithu, ndinakula tikupita ku uzimba ndi mikondo ndi zibonga, mudzi wonse, ndipo nyama sizinkatha. Lero mwana akapha kalulu akuti ndi chigawenga. Kodi boma silinangotilanda chikhalidwe chathu kuti azungu azibwera kudzajambula?
Gogo wa ku Ekwendeni

YANKHO: Agogo, pepani ndiyankhe nditagwada. Mbali ina mukunena zoona ndipo sindikutsutsani, pamene ankakuza Nyika mu 1978 mabanja ambiri anasamutsidwa kusiya minda ndi manda a makolo awo, ndipo mpaka lero anthu oyandikana ndi Vwaza njovu zimawadyera chimanga, kashembe amawapatsa kaodzera, pamene phindu la pakiyo ambiri saliona m'thumba mwawo. Amene amalankhula zoteteza nyama ali mu ofesi osatchula zimenezi ine sindimumvera.

Koma uzimba wanu uja unali ndi malamulo ake, inu mukudziwa kuposa ine. Amalengeza ndi amfumu, unali ndi nyengo yake osati tsiku lililonse, wolasa woyamba anali ndi gawo lake, mwendo umapita kwa mwini dziko, ndipo nyama imathera m'miphika ya m'mudzi momwemo osati pa msika wa mtauni. Komanso munalipo angati? Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko muno, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, dziko lake lomweli, tchire lomwe munkasakamo pano ndi minda ya fodya ndi nyumba za malata. Amene akusaka lero si mudzi ndi mikondo ayi, ndi anyamata awiri atatu otchera mawaya mazana nkumagulitsa. Chomwe ine ndingamenyere nkhondo nchoti midzi yozungulira mapaki izilandira gawo looneka la ndalama zolowera pa geti, komanso mwayi womweta udzu ndi kuika ming'oma ya njuchi uzipitirira, uchi wa ku Nyika uli ndi msika kale. Zoti adzatsegule uzimba mmene munkachitira, agogo, nyama zake zoti zikwanire tonsefe kulibe.

FUNSO: Malume ndili Fomu 3. Mnzanga akuti mbawala za ku Ulaya ndi ku America nyanga zake zimagwa chaka chilichonse nkumeranso, ine ndikuti akunama. Ndipo kodi ku Nyika ziliko poti nakonso kumazizira?
Mtsikana wa ku Zolozolo

YANKHO: Mnzakoyo wawina, umugulire mandasi. Nyanga za nthambi zija ndi fupa lenileni, zimamera pa zamphongo nyengo yofunda zitakutidwa ndi kachikopa kaubweya kodzadza mitsempha ya magazi, zikakhwima kachikopako kamauma nyama nkumakakhula pa mitengo, zimenyana nazo polimbirana zazikazi, ikatha ntchito imeneyo cha mu Januwale mpaka Malichi zimathothoka zokha, anthu amachita kukatola m'nkhalango. Zathu kuno, gwape, mbawala, mphoyo, ngoma, nyanga zake mkati ndi fupa koma kunja nzokutidwa ndi zinthu zomwe zimapanga zikhadabo zakozo, sizichita nthambi ndipo sizigwa, ikathyoka yathyoka mpaka kufa. Ndi mabanja awiri osiyana. Mu Africa muno za nyanga zothothokazo kwawo ndi kumpoto kwenikweni, kumapiri a ku Algeria ndi Tunisia, ku Nyika kulibe ngakhale kuzizire bwanji.

Koma zomwe ziliko nzokwana kuti upite. Nyika ndi paki yoyamba m'dziko muno, ya 1965, ndiponso yaikulu kuposa onse, malo opitirira masikweya kilomita 3,000, ndipo kumtunda kwake kulibe mitengo yambiri nde nchefu, chilembwe, mphoyo ndi mbidzi umaziona poyera zili m'magulumagulu, mbawala zimafika mpaka pafupi ndi nyumba za alendo ku Chelinda. Njira yake ndi ya ku Rumphi kudzera ku Bolero nkukalowa pa geti ya Thazima, Amalawi timalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja, ndipo ngati pa sukulu panu pali kalabu ya zachilengedwe auzeni aphunzitsi akafunse ku ofesi ya zanyama zakutchire mu Mzuzu momwemuno za ulendo wa ana asukulu, zimatchipirako mukakhala gulu. Mukasankha Juni kapena Julayi juzi ya yunifomu yokha sikukwana, ku Chelinda usiku kumagwa chisanu choti m'mawa udzu umadzuka utayera, tenga bulangete, chipewa ndi masokosi awiri, ndipo galimoto yake ikhale yamphamvu chifukwa msewu ukangodutsa Thazima sienta safika.