Ma admin fee a landilodi pa flat ya leasehold, ndingokana kulipira?

Achemwali ena a unesi ku Manchester anditumizira imelo. Akuti anagula flat ya leasehold (flat ndi yanu kwa zaka zolembedwa mu lease, koma chinyumba chonse ndi cha landilodi), ndiye anachedwa kulipira service charge, ndalama yosamalirira chinyumba chonse, atapita ku maliro kumudzi, pobwera apeza makalata awiri a managing agent (kampani yoyang'anira chinyumbacho m'malo mwa landilodi), iliyonse £90 ya administration, komanso atafunsa zoika munthu wa lendi m'nyumbamo awauza kuti chilolezo chokhacho ndi £200. Funso lawo nlakuti kodi angokana osalipira?

Pepani ndi malirowo achemwali. Koma kungokhala chete osalipira ayi, musatero chonde. Ma agentwa akaona zii amapereka nkhani kwa maloya awo, ndalama za maloya nkuwonjezera pa ngongole yomweyo, ena mpaka amalembera banki yomwe inakupatsani mortgage, banki poopa kuluza chikole chake imalipira nkukuikirani pa ngongole yanu. Mudzangodzidzimuka £180 ija yabereka ana.

Choyamba tulutsani lease yanu ija, chipepala chachitali chomwe ambiri tinangosaina osawerenga. Landilodi sangakulipiritseni chinthu chomwe lease sikumulola. Fufuzani pomwe akunena za kuchedwa kulipira ndi za subletting, kuika munthu wa lendi kuja, kenako alembereni, osati foni, muwafunse kuti ndalamazi akuzitenga pa clause iti komanso anagwira ntchito yanji, ndani, kwa nthawi yaitali bwanji. Mafunso amenewa ambiri amawavuta kuyankha.

Lamulo lomwe likukutetezani ndi Commonhold and Leasehold Reform Act 2002, pa Schedule 11. Limati admin charge yomwe mtengo wake sunalembedwe mu lease imalipiridwa pokhapo ngati ili yoyenera, kupyola apo simukakamizidwa. Ndipo apa mvetserani bwino, kalata yoitanitsa ndalamayo ikuyenera kubwera pamodzi ndi chipepala cha summary of rights and obligations. Onaninso mu envelopu ija, tembenuzani kuseri, ngati inali imelo onani ma attachment. Ngati mulibe, muli ndi ufulu wosalipira kaye mpaka atatumiza. Kungoti akatumiza ngongole imadzukanso, ndiye ameneyu ndi mpata wopumira chabe.

Ine ndikanakhala inu ndikanalipira service charge yonse lero lomwe, ma £90 awiriwo ndikanalipiranso koma nditalemba momveka kuti ndikulipira "under protest", sindikuvomereza. Lamulo lomweli limati kulipira pakokha sikuvomera, mutha kukasuma ngakhale mutalipira kale. Chomwe chingakutsekereni njira ndi kulemba kuti mwavomera, ndiye samalani ndi mawu anu, ulemu wathu uja wa "pepani bwana ndalakwa ndine" usalowe mu imelo.

Kokasuma ndi ku First-tier Tribunal, Property Chamber. Pali ndalama yolembetsera koma loya sachita kufunika, anthu wamba amakadziyankhulira okha. Za £200 ija mtima wanga ukuwawa kwambiri chifukwa nthawi zambiri ntchito yake ndi kuona fomu nkusindikiza kalata basi. Mu 2012 Upper Tribunal, bwalo la apilo lapamwamba pa First-tier, inatsitsa fee yotereyi kufika pa £40 kuphatikizapo VAT pamwamba pake, landilodi atalephera kuonetsa ntchito yomwe anagwira. Sikuti £40 ndi mtengo wa aliyense ayi, ndipo zaka zapitapo, koma zikukuonetsani kuti ma jaji amafuna umboni.

Polemba fomu musaiwale kupempha order ya section 20C ya Landlord and Tenant Act 1985 ndi ya paragraph 5A ya Schedule 11 ija, kuti landilodi asakulipiritseni ndalama za maloya ake kudzera kukhomo lakuseri.

Akamakuopsezani kuti alanda flat, dziwani kuti sangayambe zolandazo, zomwe amati forfeiture, pa ngongole yosapyola £350 pokhapokha itakhala zaka zoposa 3. Musanatumize chilichonse funsani a LEASE, Leasehold Advisory Service, malangizo awo ndi aulere, ndipo mukhale ndi lease ndi makalata onse awiri pafupi. Izi ndi za ku England, amene muli ku Scotland malamulo anu ndi ena.