Subaru yogundayo musaimasule kaye

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga, zithunzi zinayi zija ndaziona. Mwati mwagula Subaru Impreza WRX ya 2004 yomwe inasempha msewu n'kukawomba mtengo cha kutsogolo kumanzere, mwaifikitsa pakhomo panu ku Dedza, ndipo mukufunsa poyambira kuiphwasula nokha popeza shedi, jeke ndi bokosi la masipanala muli nazo. Ena akuyankhani kale kuti chotsani bampa, ena akuti injini itsike Loweruka lomwe lino. Ine ndikuti masipanalawo ayambe apuma kwa sabata imodzi.

Simunatiuze ngati galimotoyi mukufuna kuidzutsa kapena kuigulitsa zidutswazidutswa, ndipo kaphwasulidwe ka ziwirizi n'kosiyana. Wodzutsa amachotsa zofa zokha, bawuti iliyonse n'kuisunga. Wogulitsa amatsitsa zonse mpaka kutsala chigoba. Chimene chingakusankhireni njira ndi mapepala, chasisi ndi injini, ndipo zitatu zonsezi zimayezeka bwino galimoto ikadali yathunthu. Mukangoimwaza pabwalo, mayankho ena simudzawapezanso.

Za mapepala sinditalikitsa. Blue book ikhale m'manja mwanu, pamodzi ndi kalata yogulitsirana yosainidwa, komanso lipoti la apolisi la ngoziyo ngati lilipo. Ngati inachokera ku kampani ya inshuwalansi ngati yotayika, kalata yawo ikhalepo. Kenako tsegulani boneti, pukutani khoma lachitsulo la kumbuyo kwa injini, muwerenge nambala yodindidwa pamenepo. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan sizikhala ndi nambala yaitali ya zilembo 17 ija. WRX ya sedan ya zaka zimenezi imayamba ndi GDA, STI, yomwe ndi mtundu wake wamphamvu kwambiri, imayamba ndi GDB, kenako manambala 6. Ikasiyana ndi ya mu blue book ngakhale nambala imodzi, imani pomwepo. A Road Traffic sadzakusinthirani umwini, COF, satifiketi yoti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, simudzaiona, ndipo mwina mwasunga galimoto ya mwini wake wina pakhomo.

Mutiuzenso kuti munaikoka bwanji. WRX imayendera matayala onse anayi nthawi zonse. Ngati breakdown inanyamula kutsogolo kokha, akumbuyo n'kumagudubuzika pa M1 mtunda wonsewo, difu yapakati mu giyabokosi, yomwe imagawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ingakhale kuti inapsa. Zimenezo mudzaziwerengere pa mtengo wokonzera.

Tsopano chasisi, pomwe pagona nkhani yonse. Bampa, nyali, boneti ndi mafenda zisakuopseni ngakhale zikuoneka zoipa pachithunzi, zimenezo n'zomanga ndi mabawuti ndipo ku Biwi ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera kwanuko, zoterezi mukhoza kukazifunsa tsiku limodzi n'kubwerako. Chofunika ndi zitsulo ziwiri zazikulu zomwe zimachoka pakhoma lija kubwera kutsogolo, china kumanja china kumanzere kwa injini. Subaru ili ndi ubwino umodzi pamenepa. Injini yake ndi yogona, masilinda awiri uku awiri uko, ndiye imadzaza mpata wonse pakati pa zitsulo ziwirizo. Lowetsani dzanja kumanja pakati pa chivundikiro cha injini ndi chitsulocho, muone kuti zala zingati zikulowa. Chitani chimodzimodzi kumanzere. Ngati uku zikulowa ziwiri momasuka koma uko ngakhale chimodzi chikukana, chitsulo chalowa mkati kapena injini yasuntha pamalo pake.

Mukatero tengani tepi ya amisiri omanga nyumba, galimoto ili pamalo osalala, muyeze mopingasa. Kuchoka pa bawuti ya pamwamba pa shoko ya kumanja kukafika pabowo la kutsogolo kwa chitsulo cha kumanzere, kenako kuchoka pa shoko ya kumanzere kukafika pabowo lofanana nalo kumanja. Miyezo iwiriyi iyenera kufanana. Okonza matupi a galimoto amalola kusiyana kwa mamilimita 3 basi. Yezaninso kuchoka pakati pa tayala lakutsogolo kukafika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Ndiyeno tengani tochi, muyende nayo pang'onopang'ono m'mbali mwa chitsulocho. Penti yothetheka ngati chikamba, kapena phala lomatira m'mphepete litang'ambika, ndiye pamene chitsulo chinapindikira. Onani ngati chitseko cha kumanzere chikutsekeka ndi dzanja limodzi. Kwezani kapeti pomwe wokwera kutsogolo amaponda, muone ngati pansipo pachita makwinya. Yang'ananinso denga pamwamba pa chitseko dzuwa likupendeka, kabowo kakang'ono kosaoneka masana kamaonekera nthawi imeneyo.

Maganizo anga ndi awa. Ngati kupindikako kwathera kutsogolo kwa shoko, galimotoyo ndi yodzuka, ngakhale kuti kukoka chasisi n'kwa anthu okhala ndi makina ake, osati kwa pakhomo. Ngati kwadutsa shoko n'kufika pakhoma kapena pansi, iwalani za kuidzutsa. Mudzapeza wina wokuuzani kuti aimangirira tcheni ku mtengo wa bulugamu, aitenthe ndi gasi, iwongoka. Ikhoza kuoneka yowongoka, inde, koma chitsulo chotenthedwa chimafooka. Ndipo iyi si galimoto yokatengera mbatata ku Bembeke pa liwiro la 40. Aliyense wokhala pa chiwongolero chake adzaiponda ndithu, ndiye pa makona otsetsereka a ku Khwekhwerere kapena mu nkhungu ya m'mawa pa Linthipe simufuna galimoto yoyenda chammbali.

Injini musailize msanga, koma musaitsitsenso musanaiyese. Pa injini ya EJ20 imeneyi, timing belt ili kutsogolo kwenikweni, kuseri kwa redieta, yotchingidwa ndi zivundikiro za pulasitiki. Ngozi yakutsogolo imakankhira redieta ndi mafani ake pa zivundikirozo. Magiya anayi a camshaft omwe lambayo amazungulira pa injini zambiri zoterezi si achitsulo, ndipo amathetheka akagundidwa. Lamba akadumpha mano, mapisitoni amakumana ndi mavavu. Munthu amene wangolumikiza batire n'kupotokola kiyi kuti amve ngati ikulira akhoza kupha injini yomwe inapulumuka pa ngozi, m'masekondi awiri.

Choncho chotsani redieta yokhayo, tsegulani zivundikiro, muone magiya ndi lamba ndi maso anu. Chotsani mapulagi onse anayi, chifukwa ngati galimoto inagona chammbali m'ngalande, oyilo amalowa m'masilinda a mbali yapansi. Ikani soketi ya 22 pa bawuti ya pule yaikulu, giya ili pa fili, muzungulitse ndi dzanja kulowera komwe wotchi imayendera, kawiri kathunthu. Ikakakamira penapake musaikakamize. Ikazungulira bwino ndipo zizindikiro za timing zikugwirizana, onani oyilo ndi sampu, onani kuti palibe paipi ya petulo yong'ambika, bwerekani geji muyeze compression ya silinda iliyonse ndi kulemba papepala. Pamenepo ndiye mungailize kwa masekondi ochepa, foni ikujambula, nambala ya injini ikuoneka muvidiyomo. Kavidiyo kameneko ndi ndalama. Wogula injini ya turbo yomwe ili pansi pa tayala lakutha amakupatsani mtengo wa injini yakufa, chifukwa alibe umboni wina kupatula pakamwa panu.

Pa chithunzi chachitatu ndaona kuti airbag ya dalaivala inaphulika koma ya kumanzere ikadali. Imeneyo muiope. Chotsani waya wa negativi pa batire, mudikire mphindi zingapo, musanakhudze chilichonse cholumikizidwa ndi mawaya kapena mapulagi achikasu, chifukwa chikasu ndi mtundu wa mawaya a airbag. Musawayeze ndi mita kapena ka babu koyesera magetsi. Mukaichotsa, inyamuleni mbali yotulukira thumba italoza kutali ndi inu, ndipo poisunga mbali yomweyo iyang'ane kumwamba, kutali ndi mbaula. Malamba a pamipando yakutsogolo nawonso ali ndi onga wake, omwe anakoka pangozi ndi otha ntchito. Dziwaninso kuti ma Impreza a zaka zimenezi ali m'gulu la galimoto zomwe zinaitanidwanso chifukwa cha ma airbag a kampani ya Takata omwe amaphulika ndi tizitsulo, kotero ine sindingaigulitse kwa munthu.

Zamadzimadzi zitsike musanayambe ntchito yaikulu. Thanki yake imalowa malita 60, ndiye funsani kuti mwatsala ochuluka bwanji, mupope mu zigubu zotsekeka, panja, kutali ndi khitchini. Musanamasule paipi ya petulo chotsani fyuzi ya pampu, ndipo ngati injini yapezeka yabwino muilize mpaka izime yokha, kuti mphamvu ya m'mapaipi ithe. Madzi a mu redieta, obiriwira aja, amatsekemera ndipo amapha galu, nkhuku ngakhale mwana. Beseni lake lisagone pabwalo. Oyilo wakuda asungeni, opaka mitengo ya khola kuti chiswe chisadye adzabwera okha kudzapempha.

Jeke ndi yokwezera, si yogonera pansi pake. Galimotoyi imalemera pafupifupi matani 1.4. Njerwa zowotcha ndi mabuloko a simenti zimaphwanyika mwadzidzidzi popanda kuchenjeza, musaziyerekeze n'komwe. Gulani masitandi anayi, kapena owotcherera akupangireni a chitsulo chokhuthala, muwakhazike pa matabwa ochindikala ngati pansi pa shedi yanu ndi dothi. Matabwa ku Dedza si osowa. Matayala omwe mwachotsa agonekeni pansi pa galimoto m'mbalimu. Koma musanaikweze, masulani kaye manati a ma CV, a 32 aja a pakati penipeni pa matayala, matayala akadali pansi, chifukwa ikakhala m'mwamba mudzavutika nawo tsiku lonse. Shoko ichoke yathunthu ndi sipuling'i yake. Nati ya pakati pamwamba pa shoko musaikhudze opanda chopanira sipuling'i, anthu athyoka nazo nsagwada.

Zida sizifunika zambiri. Galimoto za ku Japan zimamangidwa ndi 10, 12, 14, 17 ndi 19, ndiye masoketi amenewa akhale abwino, a makona 6, osati otchipa omwe amazunguliza mutu wa bawuti. Onjezani chitsulo chachitali chowonjezera mphamvu ndi mafuta ofewetsa dzimbiri. Chomwe anthu amachinyozera ndi timajumbo, tepi ya pepala ndi cholembera. Jambulani malo aliwonse musanamasule, mabawuti a chinthu chimodzi alowe m'kajumbo kamodzi, kalembedwe. Pulagi iliyonse ya waya imatidwe tepi mbali zonse ziwiri ndi nambala yofanana. Timapaipi ta mpweya ta pa turbo n'tambiri ndipo n'tofanana, pakatha miyezi itatu palibe amene amakumbukira. Mawaya musadule ngakhale mutasankha zogulitsa. Wofuna kuika injiniyo mu galimoto ina adzafuna mawaya athunthu, kompyuta yake ndi kiyi, zonse pamodzi.

Pofika potsitsa injini pali msampha umodzi umene umagwira ngakhale amakaniko ozolowera Corolla. Kilatchi ya WRX ya zaka zimenezi ndi yokoka, si yokankha. Mukachotsa intercooler ndi sitata, pambali pa giyabokosi mupeza chotsekera cha aleni ki ya 10. Chichotseni, mulowetse bawuti yaing'ono ya M6 mu shafti yomwe ili mkatimo, muisolole, foloko ya kilatchi imasuke. Mukapanda kutero mudzamasula mabawuti onse koma injini idzakana kusiyana ndi giyabokosi, ndipo wina pagulu lokuthandizanilo adzatenga chitsulo n'kuyamba kutswanya. Injiniyo imaposa makilogalamu 130, ndiye chain block isamangidwe ku phaso la shedi. Imikani mapaipi atatu achitsulo kapena milimo yokhuthala ya bulugamu. Ikangotsika, tsekani kukamwa kwa turbo ndi mabowo onse ndi nsanza zoyera ndi tepi.

Nyengo ya kwanuko muiwerengere. Mame ndi nkhungu za June ndi July zimadyetsa dzimbiri chitsulo chosapentedwa usiku umodzi wokha, ndipo mvula ikayamba mu November galimoto yopanda magalasi imasanduka chitsime. Pakani oyilo pa chilichonse chowala, mufunditse lona. Makoswe amakonda mawaya ndi siponji ya mipando, makamaka ngati chimanga mumasunga mu shedi yomweyo. Tinthu ting'onoting'ono todula, monga turbo, kompyuta, ma injector ndi mamita a pa dashibodi, tizigona m'nyumba. Anthu obwera kudzaonerera adzachuluka, ndipo si onse obwera ndi maso okha.

Mukasankha zogulitsa, giyabokosi ndi difu yakumbuyo zipite kwa munthu mmodzi. Magiya ake ayenera kugwirizana, ena ndi 4.44 ena 3.9, ndipo wosakaniza amaononga difu yapakati. Musayembekezere kuti zonse zituluka mwezi umodzi. Ma WRX m'Malawi muno ndi owerengeka, ogula ake ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo injini ndi mawilo zikapita, zitseko ndi mipando zikhoza kukhala pakhomo chaka. Chigoba chipite kwa a sikilapu pomalizira penipeni, mutafunsa kaye ku Road Traffic za kuichotsa m'kaundula, kuti nambala yake isadzapezeke pa galimoto ina dzina lili lanu.

Pakadali pano titumizireni zithunzi zitatu: chitsulo cha kumanzere chija kuchokera pamwamba tochi itawala, mpata wa pakati pa injini ndi chasisi mbali zonse ziwiri dzanja lanu lili momwemo, ndi magiya a timing belt mutachotsa zivundikiro. Mulembenso miyezo iwiri yopingasa ija mu mamilimita.