Kodi malaibulale a Carnegie amafafaniza zomwe zinachitika ku Homestead?

Mwafunsa ngati Andrew Carnegie tizimukumbukira ngati munthu wopatsa kapena wodyera masuku pamutu antchito ake. Yambani ndi Homestead, fakitale yake ya zitsulo pafupi ndi mzinda wa Pittsburgh, m'chigawo cha Pennsylvania ku America.

Mu 1892 mgwirizano ndi bungwe la antchito ukutha, kampani inafuna kudula malipiro pomwe ambiri ankagwira maola 12 patsiku pa ng'anjo zamoto. Carnegie anali ku Scotland, zonse atasiyira Henry Clay Frick, mkulu woyendetsa kampaniyo. Frick anazinga fakitale ndi mpanda wa matabwa wokhala ndi waya waminga pamwamba, n'kutsekera antchito kunja. Pa 6 Julaye alonda pafupifupi 300 a kampani ya zachitetezo ya Pinkerton, omwe Frick anawalemba ganyu, anafika pa mabwato mumtsinje wa Monongahela, mfuti zinalira tsiku lonse, ndipo anthu pafupifupi 10 anafa. Asilikali a boma la Pennsylvania atabwera, bungwe lija linatheratu mphamvu. Kwa ine, kukhala kutali sikumuchotsera mlandu Carnegie, chifukwa cholinga chothetsa bungwelo ankagwirizana nacho.

Mu 1901 Carnegie anagulitsa kampaniyo kwa J.P. Morgan, mponda matiki wa zamabanki, pa madola 480 miliyoni, ndipo pofika 1919 pomwe anamwalira anali atapereka pafupifupi madola 350 miliyoni. Malaibulale 2,509 anamangidwa ndi ndalama zake. Koma onani momwe ankaperekera: iye ankalipira nyumba yokha, tauni inkayenera kupereka malo ndi kulonjeza chaka chilichonse ndalama zokwana 10 peresenti ya mtengo womangira zoyendetsera laibulaleyo. Matauni ena anakana, antchito akunena kuti ndalamazo zinayenera kukhala malipiro awo. Ku Homestead komweko laibulale inatsegulidwa mu 1898, zaka 6 chitachitika chiwawacho.