Kuoda majinzi a ntchito ku Joni: yambani ndi kuvundukula nsalu

Achimwene, mwafunsa kuti geni ya majinzi ooneka ngati a ntchito imayenda bwanji kuchokera kuno ku Johannesburg, komanso chifukwa chake ena amang'ambika pa miyezi iwiri. Yankho la funso lachiwirili ndi lomwe limasunga mpamba wanu.

Musanafunse mtengo, tembenuzani mwendo wa jinziyo muone mkati. Denim yeniyeni, nsalu ya majinzi, imawombedwa ndi ulusi wamitundu iwiri: wa m'litali umanyikidwa mu utoto wa indigo, wopingasa umasiyidwa woyera. Ulusi wa buluu umadutsa pamwamba pa ulusi woyera utatu, n'kulowa pansi pa umodzi, kenaka n'kubwereza. N'chifukwa chake kunja kumaoneka buluu, mkati moyererako, ndipo pansalu pamakhala timizere topendekeka. Mukapeza kuti mkati ndi kunja mtundu ndi umodzi, nsaluyo inanyikidwa yonse itawombedwa kale. Utoto wa indigo sulowa mpaka pakatikati pa ulusi, ndiye kuyera kwa m'mawondo pakapita nthawi si chilema.

Kulemera kwa nsalu amakuwerenga ndi muyeso wa ma ounce: nambala ikakula, nsalu ndi yolemera. Ya 8 kapena 9 ndi yotchenera basi. Kwa makanika, womanga nyumba kapena wowotcherera, tengani ya 12 mpaka 14, ya thonje lokhalokha. Ija yotamuka, yosakaniza ndi elastane, imakomera achinyamata koma imatopa msanga m'mawondo, ndipo moto wa welding sugwirizana nayo. Nsalu iliyonse ikwezeni poyang'ana kuwala: ngati kuwalako kukudutsa ngati sefa, ibwezeni.

Kenaka msoko. Pakati pa miyendo pakhale mizere iwiri kapena itatu ya ulusi, ndipo m'makona a matumba mukhale tizitsulo tija tolimbitsa msoko, tomwe Jacob Davis ndi Levi Strauss a ku America analembetsa kuboma ngati luso lawo mu 1873, kapena ulusi wobwerezabwereza. Zipi ikhale yachitsulo. Tengani kansalu koyera konyowa mupukute: kudetsa pang'ono n'kwachibadwa, koma kakada bii, kasitomala adzabwera ndi malaya oonongeka.

Malo oodera ndi Dragon City, China Mall, Oriental Plaza ku Fordsburg ndi mashopu a m'misewu ya Jeppe ndi Small. Ambiri amagulitsa pampukutu wa masaizi osakaniza. Masulani muwerenge pomwepo, chifukwa masaizi aakulu kwambiri amagona m'shopu kumudzi. Pa conti suit, chovala cha ntchito cha jekete ndi thalauza, samalani: nambala yolembedwa ndi ya pachifuwa, thalauza lake limakhala locheperapo m'chiuno.

Yang'ananinso kachikwangwani ka m'kati. Majinzi ambiri amasokedwa ku Maseru, ku Lesotho, ena ochuluka ndi a ku China. Msonkho wotsika wa SADC umafuna chikalata chosonyeza kumene katundu anapangidwira, ndipo wa ku China sakhalamo ngakhale mwamugula ku Joni. Sungani malisiti enieni, chifukwa a MRA pa Mwanza kapena Dedza akawakayikira amaika mtengo wawo.

Denim ndi yolemera, ndipo basi kapena transipota amalipiritsa potengera kulemera kapena kukula kwa chikwama. Katundu amadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, masiku awiri kapena kuposerapo. Kutani ndi pulasitiki musanaike m'chikwama, makamaka nthawi ya dzinja, chifukwa jinzi ikanyowa panjira imadetsa zinzake ndipo imafika ikununkha nkhungu.