Funsani Za Makompyuta: Mayeso Onse Adutsa, Nanga Batani Lapita Kuti?

FUNSO: Zikomo akuluakulu, ine ndikuphunzira kupanga ma app ndi React, chida cha JavaScript chopangira masamba a pa intaneti, ndiye ndinapanga fomu yolowera, ija yolembapo imelo ndi pasiwedi, mnzanga nkundiuza kuti ndisamavutike kutsegula Chrome nthawi zonse, ndizingoyesa ndi Jest, pulogalamu ija yoyesera kodi, basi. Poyamba inkakana ikuti "document is not defined" koma ndinakonza, pano mayeso onse 12 akudutsa obiriwira bwinobwino. Vuto ndi loti nditatsegula pa foni batani la "Lowani" silikuoneka, latulukira kunja kwa sikirini kumanja uko. Kodi mayesowa akundinamiza kapena ndine ndalakwitsa?
Wophunzira wodabwa

YANKHO: Sakukunamizani ayi mnzanga, angoyankha funso limene munawafunsa, ndipo funso loti batani lili pati pa sikirini simunawafunse, komanso sangathe kuliyankha.

Tiyambe ndi uthenga uja wa "document is not defined" chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Jest imathamanga mkati mwa Node.js, pulogalamu yoyendetsa kodi ya JavaScript kunja kwa msakatuli ngati Chrome, ndipo Node ilibe tsamba, ilibe window, ilibe document, zinthu zimenezi ndi za msakatuli. Ndiye anthu analemba pulogalamu ina dzina lake jsdom imene imayerekeza tsamba mkati mwa memore, popanda kujambula kanthu pa sikirini. Kale Jest inkayatsa yokha jsdom, koma kuyambira Jest 27 mu 2021 anasiya zimenezo, ndipo pa Jest 28 mu 2022 anaichotsamo mpaka umafunika kuika wekha jest-environment-jsdom. Anthu ambiri otsatira maphunziro akale pa intaneti amakodwa pompo, si inu nokha.

Tsono jsdom imadziwa zambiri ndithu, ikudziwa kuti fomu ili ndi mabokosi awiri, batani lili mkati mwa fomuyo, lalembedwa "Lowani", ukalidina chinachake chichitika. Chimene siichita ndi kuyala zinthu pa tsamba. Yesani nokha muone: mu mayeso anu funsani getBoundingClientRect ya batani lija, imene imanena malo ndi kukula kwake, ikupatsani 0 paliponse, m'lifupi 0, msinkhu 0, offsetWidth nayonso 0. Window yake imanena kuti ndi ya mapikiselo 1024 m'lifupi ndi 768 msinkhu koma ngakhale musinthe nambalayo muike 360 ngati foni palibe chimene chisunthe, poti palibe chinayalidwa poyamba pomwe. Ndi chifukwa chake window.matchMedia ndi IntersectionObserver, zida za msakatuli zoonera kukula kwa sikirini ndi zimene zili pa sikirinipo, mulibemo mu jsdom, ukazifuna umachita kupanga zongoyerekeza.

Ndipo musakhulupirire kwambiri toBeVisible, ija yofunsa m'mayeso ngati chinthu chikuoneka, ili ndi dzina lokopa koma imangoyang'ana zinthu ngati display none, visibility hidden, opacity 0, basi. Batani lotulukira kunja kwa sikirini kwa iyo likuoneka bwino. Komanso m'maprojekiti ambiri mafayilo a CSS, amene amanena maonekedwe ndi malo a zinthu pa tsamba, amalowetsedwa m'malo ndi kanthu kopanda kanthu pa nthawi ya mayeso, ndiye CSS imene yakankhira batani lanu kumbali Jest sinaiwerenge nkomwe.

Koma musawataye mayeso 12 aja, ine ndimawakonda kwambiri chifukwa amatha m'masekondi ochepa ndipo umatha kuwathamangitsa nthawi iliyonse wasintha kodi. Angofunika kupatsidwa ntchito yawo. Ndi React Testing Library, chida choyesera React mkati mwa Jest, pezani batani mmene munthu amalipezera, ndi getByRole ndi dzina lake, lembani pasiwedi yolakwika ndi userEvent, dinani, kenako dikirani ndi findByText muone ngati uthenga wa cholakwika watuluka. Onaninso ngati batani likutsekeka pamene fomu ikutumiza kuti munthu asadine kawiri, komanso ngati imelo yopanda @ ikukanidwa. Zimenezi jsdom imazigwira bwino zedi. Chimene sindimagwirizana nacho ndi kumasuzumira state, zimene komponenti (kachigawo ka tsamba ngati fomu yanuyi) imasunga mkati mwake, ukangosintha kalembedwe ka kodi mayeso amagwa pamene fomu ikugwira ntchito bwinobwino, umataya tsiku lonse kukonza zinthu zosawonongeka.

Mukasamukira ku Vitest, chida china choyesera kodi ngati Jest, mudzamva za happy-dom, ndi yopepuka kuposa jsdom koma nayonso siyala tsamba, vuto lanuli lidzakhalapobe.

Za batani lothawalo pamafunika msakatuli weniweni, palibe kuchitira mwina. Playwright ya Microsoft imayendetsa asakatuli enieni, Chromium, Firefox ndi WebKit, popanda kutsegula windo yooneka ndi maso, ndiye simuvutika kudina ndi manja ngati mmene mnzanu amaopera. Lembani mayeso awiri kapena atatu okha, ikani sikirini ya 360 m'lifupi, tsegulani fomu, mufunse toBeInViewport pa batani la "Lowani", imene imaona ngati lili mkati mwa sikirini. Muwathamangitse musanakonze CSS kuti muone akugwa kaye, ndi pamene mudziwe kuti akugwiradi vutolo, kenako kafufuzeni pa fomu kapena pa bokosi lolizungulira, ndikukayikira kuti pali width yokhazikika ya mapikiselo yoposa sikirini ya foni yanu.