Likulu la Netherlands ndi liti, Amsterdam kapena The Hague?

Funso: Aphunzitsi anatiuza kuti likulu la Netherlands ndi Amsterdam, koma pa wailesi ndimamva kuti boma lili ku The Hague. Zoona ndi ziti? Ndine wophunzira wa Fomu 3 ku Dedza.

Yankho: Mwanawe, aphunzitsi ako sananame, wailesinso sikunama. Malamulo a dzikolo amati likulu ndi Amsterdam, ndipo mfumu imalumbirira komweko. Mfumu Willem-Alexander inalumbira pa 30 April 2013 m'tchalitchi cha Nieuwe Kerk. Koma nyumba ya malamulo, nduna ndi akazembe a mayiko ena ali ku The Hague, komwe boma linakhazikika kalekale.

Amsterdam inayamba ngati mudzi wa asodzi pa damu la mtsinje wa Amstel, ndipo dzina lake linalembedwa koyamba mu 1275. Mu 1808 Louis, mng'ono wake wa Napoleon wa ku France, yemwe panthawiyo anali mfumu ya dziko la Netherlands, anasamukira ku Amsterdam n'kusandutsa nyumba ya khonsolo kukhala nyumba yachifumu. Ine chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti nyumbayo inamangidwa pa mitengo 13,659 yokhomedwa pansi, chifukwa nthaka ya kumeneko ndi yadambo.

Meya wa mzindawu samasankhidwa pa chisankho, amaikidwa ndi boma. Femke Halsema anakhala meya mu 2018.