Funsani za Malamulo: Kulemba barrister osadzera kwa solicitor ku England

Funso: Zikomo a Malamulo. Tikukhala ku Leicester, dziko la England. Bambo a kunyumba anagwidwa akuyendetsa galimoto atamwako, ndipo akaonekera kukhoti la majisitireti masabata atatu akubwerawa. Mtengo umene solicitor watchula watikulira. Wina kutchalitchi akuti tikhoza kupita kwa barrister osadzera kwa solicitor, n'kupulumutsako ndalama. Kodi n'zololedwa? *Mayi wa ku Leicester*

Yankho: N'zololedwa mayi, kuyambira chaka cha 2004. Kwathu ku Malawi loya ndi mmodzi: amene wakulemberani makalata ndi yemwenso amakaima pamaso pa woweruza. Ku England ndi Wales ntchitoyi inagawidwa pawiri. Solicitor ndiye amayendetsa mlandu, kulemberana makalata ndi khoti komanso oimira boma a Crown Prosecution Service, kufunafuna mboni, kusunga mafayilo ndi kuwerengera masiku. Barrister ndi katswiri wolankhula m'khoti ndi wopereka uphungu. Njira yopita kwa iye mwachindunji imatchedwa Public Access, ena amati Direct Access. Ndalama zimapulumuka chifukwa mukulipira loya mmodzi, koma ntchito ya solicitor ija siitha ayi, imagwera inu.

Si barrister aliyense amene amaloledwa kutero. Ayenera kukhala atachita maphunziro apadera a njirayi. Musanalipire kanthu, lembani dzina lake mu Barristers' Register, kaundula wa pa intaneti wa bungwe loyang'anira ma barrister la Bar Standards Board, muone ngati ali ndi chiphaso chogwirira ntchito komanso chilolezo cha Public Access. Ngati simukudziwa barrister aliyense, bungwe loimira ma barrister la Bar Council lili ndi tsamba la Direct Access Portal lofufuzirapo malinga ndi dera ndi mtundu wa mlandu. Mukaimba foni ku maofesi awo, amene amatchedwa chambers, wokuyankhani amakhala kalaliki, ndipo mtengo mumakambirana ndi iyeyo.

Akavomera ntchito, barrister akuyenera kukulemberani kalata yonena zimene achite, zimene muchite nokha, ndi mtengo. Iwerengeni mzere ndi mzere. Funsani zinthu zitatu: kodi msonkho wa VAT wa 20 peresenti uli kale mumtengowo; mlandu ukaimitsidwa kaye kuti mudzabwerenso tsiku lina, mudzalipiranso zingati; ndipo iye akatsekeredwa ndi mlandu wina umene watalika, adzabwera m'malo mwake ndani. Lachitatuli limachitika kawirikawiri. Dziwaninso kuti barrister saloledwa kukusungirani ndalama monga amachitira solicitor, choncho ambiri amatchula mtengo wokhazikika wa ntchito imodzi n'kufuna kuti mulipiretu.

Mlandu ngati wanuwu ndi umene njirayi imauyenera, makamaka ngati bambowo akuvomera kulakwa. Mapepala ndi ochepa: chikalata cha mlandu, pepala la belo, ndi kapepala kochokera m'makina opumiramo a kupolisi. Malire ku England ndi mamaikulogalamu 35 a mowa mu mamililita 100 a mpweya, ndipo nambala imene ili pakapepalako ndiyo imatsogolera kukula kwa chilango. Musayembekezere kuti barrister apulumutsa laisensi. Lamulo limati woyendetsa atamwa alandidwe kwa miyezi yosachepera 12, ndipo zifukwa zapadera zopewera zimenezi n'zochepa kwambiri. Chimene angachite ndi kufotokoza bwino za banja ndi ntchito, kuchepetsa chindapusa, ndi kupempha maphunziro a madalaivala ogwidwa atamwa, amene angathe kudula nthawi yoletsedwa mpaka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuvomera mlandu tsiku loyamba kumadula chilango ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ngakhale miyezi 12 ija siikhudzidwa.

Chinanso, ndalama zikavutiratu: popeza mlanduwu ungathe kufika pokatsekera munthu kundende, bambowo ali ndi mwayi woonana ndi duty solicitor, loya wothandiza opanda loya amene amakhala pakhoti pomwepo, kwaulere, pa tsiku loyamba. Afike m'mawa ndithu, akauze wolembera mayina pakhomo la khoti kuti akumufuna.

Funso: Mchimwene wanga ali pa rimandi ku Birmingham pa mlandu wovulaza munthu, ndipo mlandu wapita ku Crown Court, khoti la milandu ikuluikulu. Abale kuno tikusonkha ndalama kuti timupezere barrister wodziwika, tisataye nthawi ndi solicitor wa boma. Tithandizeni. *Bambo wa ku Lilongwe*

Yankho: Bambo, ndalamazo musazitumize kaye. Chikondi chanu tachiona, koma apa njirayi ikhoza kumuika mchimwene wanu m'mavuto akulu.

Ganizirani ntchito imene ingamugwere. Ku Crown Court woimbidwa mlandu amene akukana ayenera kupereka chikalata chofotokoza mmene adzitetezere pasanathe masiku 28 boma litamuonetsa umboni umene silikuugwiritsa ntchito. Chikachedwa, kapena chikasiyana ndi zimene adzanene m'khoti, oimira boma angathe kuuza a jury, anthu wamba 12 ogamula ngati munthu walakwa, kuti amukayikire. Wina ayenera kulemba kalata yopempha zithunzi za kamera za CCTV zisanafufutike, poti masitolo ambiri sazisunga nthawi yaitali. Wina ayenera kupeza mboni, kulemba zimene ikunena, n'kuonetsetsa kuti yafika tsiku la mlandu. Wina ayenera kupeza dokotala wodziwa za mabala. Munthu amene ali m'chipinda cha ndende, foni yake ili yowerengeredwa mphindi, angachite bwanji zimenezi? Inunso muli kutali. Ndipo wachibale wosadziwa malamulo akayamba kuimbira mboni za boma, ngakhale n'cholinga chopepesa monga timachitira kwathu, amatsegula mlandu wina wosokoneza chilungamo.

Barrister wamba saloledwa kuyendetsa mlandu m'malo mwa munthu, monga kutumiza zikalata kukhoti m'dzina lake. Kuyambira 2014 ena amapatsidwa chilolezo chapadera chochitira zimenezi, ndipo kaundula uja amasonyeza amene ali nacho. Komabe ambiri a iwo alibe antchito oyenda m'makwalala kufunafuna mboni. Malamulo awo amawalamula kukana ntchito akaona kuti munthu afunika solicitor, ndipo barrister woona mtima akamva za mlandu uwu adzakuuzani zomwezo. Amene angalandire ndalama zanu osafunsa kuti ntchito yotsalayo agwira ndani, muchenjere naye.

Mawu oti "solicitor wa boma" akufunika kuwongola. Maloya a legal aid, thandizo la boma lolipirira loya, amagwira ntchito m'makampani oima paokha. Boma limangolipira, silimawauza chochita. Ku Crown Court solicitor woteroyo amalembanso barrister, kapena loya wina wololedwa kulankhula m'khotimo, ndipo mchimwene wanu angathe kutchula amene akumufuna. Mukapita mwachindunji, legal aid siigwira ntchito, ndalama zonse zituluka m'thumba mwanu. Thandizoli amakanizidwa munthu amene ndalama zotsala za pabanja pake, atachotsa zofunika, zimafika mapaundi 37,500 pachaka. Ena amauzidwa kusonkhako mwezi ndi mwezi, ndipo akapezeka osalakwa amabwezeredwa.

Pali msampha wina umene ambiri amaudziwa mochedwa. Munthu wodzilipirira loya ku Crown Court akapambana, angathe kubwezeredwako ndalama pokhapokha ngati anapempha legal aid n'kukanizidwa chifukwa chopeza bwino, ndipo amabwezeredwa pa mitengo ya legal aid, imene ndi yotsika. Amene sanapemphe n'komwe sabwezeredwa ndalama za loya. Choncho fomu yopemphera legal aid idzazidwe, zivute zitani.

Ngati mchimwene wanu si nzika ya Britain, maloya ake adziwe zimenezi lero lomwe. Lamulo la UK Borders Act la 2007 limati mlendo amene walamulidwa kukhala kundende miyezi 12 kapena kuposerapo athamangitsidwe m'dzikolo, kupatula pa zifukwa zochepa. Asanasankhe kuvomera kapena kukana mlandu, amve uphungu wa katswiri wa malamulo olowera ndi kukhala m'dziko. Ndalama zimene mwasonkhazo zingagwire ntchito yabwino pamenepo. Ngati Chingelezi cha m'khoti chimamuvuta, apemphe womasulira, amene khoti limapereka kwaulere.

Funso: Ine ndili ku Glasgow. Kodi zimenezi zikundikhudza? *Wophunzira*

Yankho: Ayi achimwene. Scotland ili ndi malamulo ndi makhoti akeake. Amene ku England amati barrister kumeneko amatchedwa advocate, ndipo munthu wamba woimbidwa mlandu amamufikira kudzera kwa solicitor. Za thandizo lolipirira loya, funsani ku Scottish Legal Aid Board.